Telala wa pa Moore Street ndi moni wa mayi Han

Sabata yatha chinakwana chaka chimwalirireni a Chapola, ndipo ndinapezeka ndaima pa Parnell Street, pakhomo pa shopu ya mayi Han, ndikuyeseza chamumtima moni wa Chikoreya ngati mwana woti alowe m'mayeso. Ine ndine wa ku Zomba, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba ku Santry, dera lina la mzinda uno wa kwa azungu, ku Korea sindinapondeko ndipo sindikuona kuti ndidzapondako. Koma ndimatha kumufunsa munthu m'chilankhulo chawo ngati wadya, ngati wagona mumtendere, ndi kumutsanzika moyenera. Anandiphunzitsa ndi telala wa ku Ntcheu amene Chingerezi chenichenicho ankachita kuchikoka ngati mbuzi yokana kuyenda. Mawu a Chikoreya ndiwalemba muno monga ankawatchulira iwo, eni chilankhulo andikhululukire.

Anthu ena akwathu kuno amangokumbukira kuti a Chapola zaka zawo zomaliza anakhala pamwamba pa shopu ya mayi wa ku Korea, ndipo akamanena amatsitsa mawu n'kumwetulira cha m'mbali. Ine ndinalipo tsiku limene zinayamba, choncho ndifotokoze mmene zinalili.

A Chapola ankasoka kumapeto kwa shopu ina yogulitsa zakudya za ku Africa pa Moore Street. Unkayenera kudutsa mafiriji a nsomba, matumba a ufa ndi zigubu za mafuta ofiira kuti uwapeze. Pakona pawopo panali makina, tebulo, simbi ndi mpando umodzi wa kasitomala. Ankafupikitsa mathalauza, kuika mazipi, ndi kusokera amayi a ku Nigeria, a ku Congo ndi akwathu omwe zovala za paukwati. Kuno anabwera motsatira mwana wawo Agnesi, namwino, mayi akunyumba atamwalira. Patapita zaka Agnesi anapeza ntchito ku England n'kuwauza kuti alongedze. Anakana. Anati angomaliza kumene kudziwana ndi msewu wonse, ndipo pa msinkhu wawo alibe mphamvu zokayambiranso kupereka moni kwa anthu achilendo. Ife tinaseka, koma eni ake ankanena zenizeni.

Kwa iwo kupereka moni inali ntchito, ndipo sankaigwira mwachidule. Ukafika ndi thalauza m'manja, mtima uli pa basi, ankaimitsa makina, kuvula magalasi, n'kukupatsa dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono. Kenako mafunso. Wadzuka bwanji, ana adzuka bwanji, kumudzi wamva zotani, mvula yagwa? Ukayankha mothamanga kuti tonse tili bwino, ankakuyang'ana kaye n'kufunsa kuti bwino wake ndi uti. Choopsa kwambiri chinali kuwabwezera funso, chifukwa iwo ankayankhadi. Unkamva za bondo lakumanzere, za maloto amene alota, za dalaivala wa basi ya ku Drumcondra amene wawasiya pa siteji akuwaona. Achinyamata athu anaphunzira kungokweza dzanja chapatali n'kunena kuti, "Bho, madala?" A Chapola ankacheuka kuyang'ana kumbuyo kwawo, n'kufunsa kuti Bho ameneyo ndi mwana wa ndani.

Eni dziko kuno amakufunsa kuti uli bwanji akuyenda, osachepetsa ndi liwiro lomwe. Miyezi yawo yoyamba a Chapola ankaima, kuvula chipewa, n'kuyamba kufotokozera msana wa munthu amene wafika kale patali. Sanakwiye nazo. Zinangowadabwitsa, ndipo kudabwa kumeneko sikunawathere. Aliyense wokhala pampando uja, kaya wa ku Poland, kaya wa ku Somalia, ankamufunsa kuti kwanu mumati chiyani mukakumana m'mawa, nanga mawuwo kwenikweni amatanthauza chiyani. Ambiri ankagwira chibwano, poti anali asanaganizirepo. Maganizo a a Chapola anali akuti mtundu uliwonse umasunga mu moni wake chinthu chimene makolo ake ankachiopa. Ife timafunsana za kudzuka, ankatero, chifukwa si onse ankadzuka.

Kwa mayi Han anapitako chifukwa cha usipa. Wina anawauza kuti pa Parnell Street pali shopu ya ku Korea yogulitsa tinsomba touma tofanana ndi takwathu. Mayi Han ndi munthu wamfupi, wa imvi, wamasiye. Anabwera kuno kalekale ndi amuna awo, amunawo anamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo anakula n'kubwerera ku Korea. Tsiku limenelo a Chapola anabwerako maso ali gwa. Anandiuza kuti: "Nachisale, ndapeza achibale athu. Mayi aja andiweramira, ndipo jumbo andipatsa ndi manja awiri. Amene aja analeredwa."

Kuyambira pamenepo ankadzera pa shopuyo m'mawa uliwonse asanakatsegule makina. Ankalankhulana Chingerezi chothyokathyoka, aliyense chothyoka mwake, koma ankamvana. Iwo ankati achemwali, mayi Han ankati halaboji, kutanthauza agogo aamuna. Atazolowerana, tsiku lina mayi Han anawafunsa kuti, "Bap mogosoyo?" A Chapola anafunsa tanthauzo, n'kuuzidwa kuti ndi funso lakuti kodi mwadya mpunga. Anayankha kuti ayi, chidzukireni angomwa tiyi basi. Atatero anakoka kireti ya zakumwa imene inali pambali pa kauntala, n'kukhalapo, chipewa pabondo, kudikira.

Mayi Han mpaka lero akamafotokoza amaseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni. Akuti chibadwireni anali asanaone zoterozo. Kwawo funso limeneli ndi moni chabe wa anthu odziwana, ndipo yankho lake ndi limodzi, "ne", kutanthauza inde, kaya wadya kaya sunadye. Atasowa chochita, analowa kuseri n'kubwera ndi chakudya chawo chamasana, mpunga ndi kabichi wowawasa uja wa tsabola. A Chapola anadya, thukuta lili kamukamu, n'kuthokoza. Ubwenzi wawo unayambira pamenepo, ndipo mkangano wawo unayambiranso pomwepo.

Mkanganowo unatha zaka. A Chapola ankafuna kudziwa kumene funsolo linachokera. Mayi Han anawauza zimene anamva kwa amayi awo, kuti kale kwawo kunali nyengo ya njala chaka ndi chaka, mpunga wakale ukatha koma balere asanache, anthu n'kumakumba mizu ndi kusenda makungwa. Pa nyengo yotero kufunsa mnzako ngati wadya kunali kufunsa ngati ali moyo. A Chapola anawomba m'manja kuti ameneyo ndi Febuluwale wakwathu, chimanga chili biriwiri m'munda koma nkhokwe ili pululu.

"Ndiye ngati funsoli linabadwa ndi njala, achemwali, mumalinamiziranji?"

"Chifukwa wofunsayo nayenso anali ndi njala," anatero mayi Han. "Ukati sunadye, akupatsa chiyani? Umati inde kuti asachite manyazi."

Yankho limeneli linawakhazika pansi a Chapola. Kwa masiku angapo aliyense wobwera ndi zipi yothyoka ankafunsidwa maganizo ake. Pomaliza anabwerera kukanena kuti ulemu wake auona, ndi waukulu ndithu, koma bodza ndi bodza, iwo sadzayankha choncho. Mayi Han anati zilibe kanthu, iwo samvera pakamwa pa munthu, amayang'ana nkhope. Choncho m'mawa uliwonse funso linkafunsidwa, ndipo m'mawa uliwonse mayi Han ankamva zonse zimene a Chapola adya, zimene sanadye ndi zimene zawavutitsa m'mimba. Pa kireti paja a Chapola anasokerapo kakhushoni ka zidutswa za zitenje, ikakhala yawoyawo.

Za moni wamkulu uja, "anyong haseyo", anazifufuzanso mpaka pamizu. Mayi Han anati mawuwo amafunsa ngati uli pamtendere, ndipo "anyong" anachokera ku zilembo ziwiri za Chitchaina zimene anaziphunzira ali kusukulu. Tsiku lina anatenga choko cha a Chapola n'kuzijambula pa kansalu kakuda kotsala. Zonse ziwiri zinali ndi denga pamwamba. Pansi pa denga loyamba panali mkazi. Pansi pa lachiwiri panali mtima, pansi pa mtima mbale. Anawonjeza kuti amayi awo ankati nthawi ya nkhondo anthu akakumana m'mawa ankafunsana ngati usiku wonse unadutsa mumtendere, chifukwa kukacha ena ankapezeka palibe. Mwana wa mayi Han atabwera kudzacheza anaseka, nati mawuwo ndi akale kuposa nkhondo ija, ndipo masiku ano palibe amaganiza za madenga akamapereka moni, ndi "hello" basi. A Chapola anamuyankha kuti nsalu nayonso siidziwa kuti inali thonje. Kansalu kaja anakakhoma ndi mapini pamwamba pa makina, ndipo kasitomala aliyense ankalozeredwa, afune asafune: denga, mtima, mbale.

Zaka zimenezo ankati dziko lino ladzukanso. Makina ataliatali omangira anabwereranso m'tauni, ntchito zinkapezeka, koma pogona panasowa. Chipinda chimodzi chikatuluka, anthu ankaima pamzere mpaka pakona ya msewu. Ambirife tinkagona awiri kapena atatu m'chipinda, tikumasinthana bedi malinga ndi mashifiti. A Chapola anali ndi kachipinda kawo ku Drumcondra komwe anakhalamo zaka zambiri, ndipo ambiri mwa ife tinagonapo pansi pake titangofika kumene. Mwini nyumba anaigulitsa. A Chapola sanauze munthu. Ankadziwa kuti Agnesi akamva abwera kudzawatenga, ndipo adzasiya msewu wawo. Komanso munthu amene ankalandira alendo onse, amene kutchalitchi tinkamupatsa mpando wakutsogolo, akanayamba bwanji kupempha pogona kwa ana omwe anawalandira? Tinadzamva pambuyo pake kuti ankaimba foni tsiku ndi tsiku kupempha bedi kuhositelo ya osowa pokhala, kukacha n'kutuluka ndi kachikwama. Kunali kukuyamba kuzizira, ndipo chifuwa chawo chinali chovuta kale.

M'mawa wina mayi Han anafunsa monga mwa nthawi zonse, "Bap mogosoyo?" A Chapola anawerama bwinobwino n'kunena kuti, "Ne." Mayi Han akuti anawomba m'manja kuti patatha zaka zonsezi halaboji aphunzira. Mawa lake yankho linali lomwelo. Panalibe bondo, panalibe maloto, panalibe dalaivala wa basi, ndipo pa kireti sanakhalepo. Apa mayi Han anasiya kusangalala. Anayang'ana nkhope, kenako anayang'ana thalauza. A Chapola chiwadziwireni thalauza lawo linkakhala ndi mzere wa simbi wowongoka kuyambira m'chiuno mpaka pansapato, koma tsopano linali lamakwinya ngati la munthu wogona nalo.

Linali Loweruka m'mawa, ine nditakhala pampando wa kasitomala ndi yunifolomu yanga yofuna kupinda, pamene ndinaona mayi Han akudutsa pakati pa mafiriji, epuloni ili m'thupi. Mayi amenewo sankasiya shopu yawo nthawi ya malonda ngakhale kunja kuchite chotani. Anandiweramira n'kundilozera kuti ndiwapatse mpando. Anakhala, manja pamaondo. Za kudya sanafunse. Anafunsa funso lalitali lija la m'mawa, la amayi awo, lakuti kodi usiku wonse unadutsa mumtendere.

"Ne," anatero a Chapola, n'kupondanso makina.

Mayi Han sanasunthe. Makina analira, analira, mpendero wa yunifolomu yanga unatha, a Chapola n'kuyamba kuusokanso kachiwiri pomwe pomwepo. Mwini shopu ya pa Moore Street anafuula kuchokera kutsogolo kuti wina wabwera kudzanena kuti pakhomo pa mayi Han anthu akudikira. Iwo sanacheuke n'komwe. Ine ndinaima pamenepo ngati chitsiru, osadziwa kuti nditsale kapena ndichoke, ndipo poyang'ana pansi ndi pamene ndinaona sutikesi yaikulu pansi pa tebulo, itaphimbidwa ndi zidutswa za nsalu, pambali pake pali ketulo ndi chithunzi cha malemu mayi akunyumba.

Makina anaima. A Chapola anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Polankhula anayang'ana ine, ndipo analankhula Chichewa.

"Nachisale, uwauze mayiwa kuti akundichita zomwe ndinawachita."

Ndinawauza. Mayi Han anangogwedeza mutu kuvomera.

"Uwauze kuti sindinagone mumtendere. Mu hostel muja anthu amakuwa, amamenyana, nsapato umagona utavala. Uwauze kuti mtima ulipo, mbale ndimaipeza, koma denga lija landlord anagulitsa."

Ndinamasulira. Ndinamva chisoni, ndinamvanso mkwiyo, moti ndinalakalaka kuwakalipira ngati mwana, koma mayi Han ananditsogolera. Anati pamwamba pa shopu pali chipinda chimene chinali cha mwana wawo, mwadzaza matumba a mpunga ndi makatoni, ndipo matumba sasowa tulo. A Chapola anakana nthawi yomweyo. Anati iwo ndi bambo wamasiye, mayi Han ndi mayi wamasiye, anthu adzati chiyani, akwathu ndi akwawo omwe? Mayi Han anafunsa ngati anthu amenewo anawafunsapo kuti agona bwanji. A Chapola anati amafunsa tsiku ndi tsiku. Mayi Han anati, nanga anakhalapo pansi kudikira yankho?

Anavomera, koma anaika lamulo lawo, loti akhala ngati mlendo mpaka atapeza pawo. Mayi Han nawo anaika lawo, loti nsapato zizitsala pansi pa masitepe, ndipo anawagulira masilipasi a buluu. Madzulo a tsiku lomwelo abambo akwathu angapo anasenza matumba a mpunga kuwatsitsira kuseri kwa shopu. Miseche sinachedwe. Lamulungu lotsatira titatuluka m'tchalitchi, mayi wina wodziwika ndi pakamwa anawafunsa mokweza kuti, "Kodi alamu athu adzuka bwanji?" A Chapola anavula chipewa n'kuyankha mwaulemu wonse kuti adzuka ndi msana, katundu wawo wa ku Korea wachedwa padoko, firiji yapakati ikudontha, ndipo mwana wawo sanaimbe foni sabata ino. Anapitiriza mpaka mayi uja basi inamuthawa. Sanafunsenso.

Koma nkhani sinathere pamenepo, chifukwa munthu anali ndi denga koma anali asanavomere kuti ndi kwawo. Zinaonekera pa kutsanzika. Akoreya ali ndi mawu awiri otsanzikirana. Wotsala amauza wochoka kuti "anyonghi kaseyo", pitani mumtendere, ndipo wochoka amauza wotsala kuti "anyonghi kyeseyo", tsalani mumtendere. A Chapola atamva zimenezi koyamba, zaka zambiri m'mbuyomo, anasangalala sabata yathunthu, ati ndi pitani bwino ndi tsalani bwino wathu yemweyo, makolo athu ayenera kuti anakumanapo panjira. Ndiye m'mawa uliwonse akatsika, kuvala nsapato, ankawerama n'kunena kuti "anyonghi kyeseyo", n'kumapita ku makina awo.

Mayi Han anapirira kwa kanthawi, kenako tsiku lina anawatsekera njira ndi tsache. Anati mawu amenewo ndi a mlendo, a munthu amene mwina sabweranso. Wa pakhomo potuluka amati "tanyo ogesumnida", ndipita ndibweranso. Wotsalayo amayankha kuti "tanyo oseyo", pitani mukabwere. Ndipo pofika madzulo amati "tanyo wasumnida", ndinapita ndabwerako. Ana amanena zimenezi popita kusukulu, abambo popita kuntchito, palibe wa m'nyumba amatuluka osalonjeza. A Chapola anamvetsera mwachidwi monga mwa khalidwe lawo, anabwereza mawuwo mpaka kuwaloweza, anafunsa ngati anayambanso nthawi ya nkhondo, kenako anakana kuwanena. Anati limenelo ndi lonjezo la mwini nyumba, iwo ndi mlendo, ndipo pa moni ananamapo kale masiku aja, zinawakwana.

Anapitiriza kufunafuna chipinda. Ulendo wina ndinawaperekeza kuno ku Santry komwe, poti ndinali off. Anavala suti, thalauza lili ndi mzere wake. Tinapeza mzere wa anthu utatuluka pageti, ambiri achinyamata a ntchito zabwino. Titafika kutsogolo, bambo woonetsa chipindacho anati "How are you" maso ali kale pa munthu wa kumbuyo kwathu. A Chapola anavula chipewa n'kuyamba kuyankha. Bamboyo anawadula n'kufunsa ngati chipindacho akufunira mdzukulu wawo.

M'basi pobwerera anali akungotsokomola mpaka tinadutsa Drumcondra. Kenako anandifunsa.

"Nachisale, ma viewing amenewa ndatopa nawo. Kodi munthu amadziwa bwanji kuti apa ndi kwathu?"

"Mukufunsa ine, bambo? Ine ndi bedi yomwe timachita share."

Anaseka pang'ono. Anati pali chinthu chimene akhala akuchiona. Akachedwa kubwerera, mayi Han amapezeka ali panja, ati akukonza makatoni a pakhomo, koma makatoniwo amakhala okonzakonza. Tinatsika, n'kuyenda mpaka pa Parnell Street, kamvula kakuwaza. Mayi Han anali panja, katoni ili m'manja, maso ali kumsewu. Atationa anatembenuka msangamsanga n'kulowa. A Chapola anaima kaye pomwe tinali, n'kunena kuti ku Santry kuja palibe akanawakonzera makatoni.

M'mawa mwake anatsika, anavala nsapato, anaika masilipasi pa sitepe yoyamba, n'kunena kuti, "Tanyo ogesumnida." Mayi Han amati a Chapola mawuwo anawatchula mophwanya kwambiri, ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga. Mayiwo anayankha osadzutsa mutu pa kauntala, "Tanyo oseyo," ndipo chitseko chitatsekeka anapita kukaima kuseri kwa firiji kuti makasitomala asawaone. Kuyambira tsiku limenelo sutikesi inakwera pamwamba pa kabati, ndipo Agnesi anauzidwa zonse. Anabwera ali wokwiya, anabwerera atanyamula kabichi wa tsabola.

Zaka zimene zinatsatira zinali zabwino, ndikutero chifukwa ndinaziona. Madzulo aliwonse mawu ankamveka pakhomo, "Tanyo wasumnida," kenako funso la mpunga, kenako yankho lalitali lija, poti a Chapola anabwerera ku choonadi chawo ndipo sanachisiyenso. Ankakanganabe. Mayi Han ankati usipa wakwathu ndi wamchenga, iwo ankati wa ku Korea ndi wamchere ngati misozi. Ankakangana za zenera, wina kutsegula wina kutseka. Ankakangana ngati munthu ayenera kuweramira wamng'ono kwa iye. Ine ndikadzera, ankandikhazika pakati kuti ndiweruze, ndipo potuluka aliyense ankandiyesa mayeso a kutsanzika. Ndikasokoneza kaseyo ndi kyeseyo, ankagwirizana kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, kundiseka.

Chifuwa chija ndi chimene chinawatenga. Tsiku lina masana mpweya unawathera ali pamasitepe, mayi Han n'kuitana ambulansi. Akuwatulutsa pamachira, atafika pakhomo, a Chapola anakweza dzanja kuti aime, anasuntha chopumira chimene anawaveka kumaso, n'kunena mawu aja a wa pakhomo. Mayi Han anayankha monga mwa masiku onse. Ine ndinakawaona kuchipatala patapita masiku. Anali atatha, mawu akutuluka pang'onopang'ono, koma anandigwira dzanja, lamanzere likufunafuna chigongono, n'kundifunsa za ana, za kumudzi ndi za mvula. Nditawafunsa iwo, anayankha zoona, kuti sakudzuka bwino ndipo sakuona kuti adzukanso. Kenako anati: "Ukawauze achemwali kuti sindinawanamize. Ndinkafunadi kubwerako."

Thupi linapita ku Ntcheu, Agnesi analiperekeza. Pa mapemphero otsanzikana, tisanalinyamule, mayi Han anabwera atavala zakuda. Anavula nsapato pamaso pa mpingo wonse, anagwada patsogolo pa bokosi mpaka chipumi kugunda pansi, anadzuka, n'kugwadanso kachiwiri, monga achitira kwawo kwa womwalira. Amayi athu amene ankaimba anatsitsa mawu, ndipo mayi wapakamwa uja ndi amene anawagwira mkono powadzutsa. Ine ndinatchera khutu kuti ndimve akunena "anyonghi kaseyo", pitani mumtendere, poti ndinkaganiza kuti nthawi yake ndi imeneyo. Sananene. Nditawafunsa pambuyo pake anati amenewo ndi mawu ouza mlendo, ndipo halaboji sanachoke ngati mlendo.

Pakona paja pa Moore Street tsopano pali makatoni a nthochi zophika, ndipo pakhoma patsala timabowo ta mapini. Chipinda cha pamwamba mayi Han anachipereka kwa mtsikana wina wa ku Brazil amene anasowa pokhala. Akuti ndi mwana wabwino, potuluka amati "bye", ndipo iwo alibe mphamvu zomuphunzitsa.

Sabata yatha ija nditalowa, ndinawerama n'kupereka moni wanga woyesezayeseza. Mayi Han anandiyang'ana nkhope kaye, kenako anafunsa, "Bap mogosoyo?" Ndinkalidziwa yankho loyenera. Koma ndinali ndikuchokera kuntchito, m'mimba muli pululu, ndiye ndinati ayi, sindinadye, n'kutambasula dzanja kuti ndikoke kireti. Anandigwira mkono n'kunditulutsira mpando wina kuseri kwa kauntala.

Kireti ija ili pomwe inali, kakhushoni kake ka zitenje kakadali kolowa pakati. Pamwamba pake pakhoma apachika kansalu kakuda kaja, choko chayamba kufufutika moti mbale siikuonekanso bwino, koma madenga awiri akuonekabe. Ndikudya ndinayang'ana cha kumasitepe. Nsapato za mtsikana uja zinali mbwee pansi. Masilipasi a buluu ali pa sitepe yoyamba, opukutidwa fumbi, atalozetsedwa kumtunda, monga amaikira a munthu amene wangotuluka.